Kodi dzuwa lingagaye chimanga? Nanga malasha a ku Moatize atha liti?

Funso: Ndili ndi chigayo cha dizilo ku Dómuè, m'boma la Angónia. Mafuta akudya phindu lonse, ndipo nthawi zina amasowa kumene. Pa wailesi ndimamva kuti akatswiri akufufuza zoti dziko lisiye malasha ndi mafuta, lizidalira dzuwa, mphepo ndi madzi. Kafukufukuyu wafika pati? Ndigulitse injini, ndigule sola? Chinanso, mwana wanga woyamba amagwira ntchito kumgodi ku Moatize. Malasha akasiyidwa adzadya chiyani? Ndine mayi wa chigayo, ku Dómuè.

Yankho: Zikomo Mayi. A pa wailesi amakonda kutchula dizilo, petulo ndi malasha pamodzi, ngati kuti zonsezi zidzatsanzika tsiku limodzi. Sizidzatero. Chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo ofufuza apita patali pa ntchito zina pamene pa zina akadali pa chiyambi. Dizilo wa m'chigayo chanu ali pafupi kupezeredwa wolowa m'malo. Malasha amene mwana wanu akukumba ndiwo adzachedwe kwambiri.

Pa nkhani yokolola magetsi kuchokera ku dzuwa, ntchito yaikulu inatha kale. Kachipangizo koyamba ka silicon kopereka magetsi ogwirika kanapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1954, ndipo kankangosandutsa magawo 6 pa 100 a kuwala kogwera pa iko. Mapanelo abwino a masiku ano amafika 20 mpaka 23. M'malabotale, amene akuyala chinthu chotchedwa perovskite pamwamba pa silicon adutsa 30, koma zimenezo zisakutengeni mtima, chifukwa perovskite imafooka msanga ndi chinyezi komanso kutentha, ndipo akulimbana nalobe vutoli. Chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi mtengo. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100, makamaka chifukwa mafakitale a ku China anayamba kuwapanga ochuluka zedi. N'chifukwa chake ku Mocuba, m'chigawo cha Zambézia, kunatsegulidwa malo a sola a mamegawati 40 mu 2019, ku Metoro ku Cabo Delgado enanso ofanana nawo kukula mu 2022, ndipo ku Cuamba mu 2023 anatsegula okhala ndi mabatire omwe. Bungwe la boma loona za mphamvu la FUNAE litayeza dzuwa, mphepo ndi mitsinje ya dziko lonse n'kutulutsa mapu ake mu 2014, Tete anali m'gulu la zigawo za dzuwa lambiri. Aliyense amene anayendapo wapansi mumzinda wa Tete masana a mwezi wa Okutobala sanadikire mapu kuti adziwe zimenezo.

Tsopano tiwerengere chigayo chanu. Yuniti imodzi ya magetsi, yonga imene anthu amagula pa mita yolipiriratu ya Credelec, ndi kilowati imodzi yogwira ntchito kwa ola limodzi. Lita imodzi ya dizilo imasunga moto wokwana mayunitsi pafupifupi 10, koma injini yaing'ono imangofikitsa pa lamba mayunitsi pafupifupi 3. Zotsalazo zimathera mu utsi, m'phokoso ndi m'madzi otentha a m'thanki yoziziritsira ija. Ndiye ngati mumawotcha malita 10 patsiku, ntchito yeniyeni yomwe chigayo chikugwira ndi ya mayunitsi 30. Kuno kwathu, mapanelo a kilowati imodzi amapereka mayunitsi 4 kapena 5 patsiku. Munthu wongowerengera mwachangu angati mapanelo a makilowati 7 akwana, ndipo wogulitsa wofuna ndalama zanu adzakuuzani zomwezo.

Msampha uli pamenepo. Chigayo sichidya magetsi pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chimafuna mphamvu yonse nthawi imodzi, pamene chimanga chalowa n'kukumana ndi nyundo. Injini ya mahachi 20 imafanana ndi mota ya makilowati 15, ndipo kuti mota yotere iziyenda ndi dzuwa lokha mufunika mapanelo a makilowati 18 kapena 20, kutanthauza mapanelo 40 a mawati 500. Komanso mota ikamadzuka imakoka magetsi kasanu kapena kupitirira kuposa amene imadya ikuyenda. Amene analumikiza mota yaikulu ku inveta wamba, kabokosi kosintha magetsi a mapanelo kuti akhale ngati a m'nyumba, amadziwa fungo la inveta yopsa. Vutoli lili ndi mankhwala ake, kabokosi kotchedwa VFD, komwe m'masitolo olankhula Chipwitikizi amati variador. Kamadzutsa mota pang'onopang'ono, ndipo mitundu ina yake imalandira magetsi kuchokera ku mapanelo mwachindunji popanda batire n'komwe. Mtambo ukadutsa, mota imangotsika liwiro m'malo mozima, wogayitsa n'kuchepetsa chimanga chomwe akuthira.

Njira ina imene ambiri ofufuza za zigayo akuyendamo ndi yochepetsa chigayocho. M'malo mwa chachikulu chobangula maola awiri, amaika cha mota ya makilowati 3 mpaka 7 chogwira ntchito maola asanu ndi limodzi. Ufa wotuluka patsiku ungafanane, mapanelo n'kuchepa ndi theka kapena kuposa. Koma pa pepala sipaoneka mzere wa amayi atakhala pamatumba awo. Mayi amene wachoka kutali ndi ndowa pamutu, mwana kumbuyo, safuna kuuzidwa kuti chigayo chatsopanochi ndi chofatsa. Akaona kuchedwa apita kwa mnzanu wa dizilo. Ndipo mukudziwa bwino kuposa ine kuti anthu amabwera m'mamawa asanapite kumunda ndi madzulo akaweruka, nthawi zomwe dzuwa lilibe mphamvu. Pa chigayo cha sola, ntchito yaikulu ndi yokoka anthu kuti azibwera pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Mtengo wotsikirako wa masana umathandiza. Kulandira matumba m'mawa, kuwalemba mayina, eni ake n'kudzatenga ufa madzulo, kumathandizanso, ngati anthu amakukhulupirirani kuti simutapako.

Nyengo ya kwanu ikukomerani mbali zingapo. Mapanelo amakonda kuwala, amadana ndi kutentha. Akatentha kupitirira madigiri 25, digiri iliyonse imawadyera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a 1 pa 100. Kuchigwa cha Zambezi, komwe panelo imatha kufika madigiri 60 masana, kutayako kumadutsa magawo 10 pa 100. Kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano kumazizira, ndiye kutaya kumachepa. Chinanso, nthawi ya mitambo yambiri, Januwale ndi Febuluwale, ndi nthawi yomwenso nkhokwe zapepuka ndipo ogayitsa ndi ochepa. Ntchito imachuluka anthu akakolola, kumwamba kutayera. Masiku ovuta ndi a nkhungu ndi mvula yowaza ya mu Juni ndi Julayi, pamene chimanga chili mbwee koma dzuwa labisala.

Mdani amene ogulitsa satchula ndi fumbi la ufa. Yang'anani denga la chigayo chanu, mitengo ya pafupi, ngakhale nsidze za mnyamata wanu wogayitsa. Ufa woterowo ukagwera pa galasi la panelo, mame a m'mawa n'kuunyowetsa, dzuwa n'kuuumitsa, umamata ndithu ndipo mvula yokha siuchotsa. Mapanelo musawaike padenga la chigayo. Akhale patali pang'ono, mbali imene mphepo imachokera, oyang'ana kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo pamalo poti munthu afikepo ndi nsalu yofewa ndi madzi m'mawa galasi lisanatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi pa panelo imodzi umatha kufooketsa mzere wonse.

Za mabatire, apa ndi pamene kafukufuku akuthamanga kwambiri masiku ano. Mabatire a asidi, akale aja, safuna kukhetsedwa kupitirira theka, ndipo kutentha kumawafupikitsa moyo. Batire ya galimoto ndiye ayi ndithu, inapangidwira kulizira injini kwa kamphindi. A lithium, makamaka mtundu wa LFP, amapirira kudzazidwa ndi kukhetsedwa maulendo masauzande, ndipo mtengo wawo nawo watsika kwambiri kuchokera mu 2010. Ofufuza ayambanso kupanga a sodium, chinthu chopezeka mumchere, kuti asamadalire miyala yosowa. Mwala wina wofunika m'mabatire a lithium, graphite, umakumbidwa konkuno ku Mozambique, ku Balama. Komabe kuyendetsa mota ya makilowati 15 kwa maola awiri madzulo kumafuna batire yosunga mayunitsi 30, ndipo imeneyo ndi ndalama zambiri zolipira tsiku limodzi. Vuto la sola n'lomwelo: dizilo mumalipira pang'onopang'ono moyo wonse, sola mumalipira zaka zambiri pakamodzi, pamene chiwongoladzanja cha mabanki athu ndi chokwera.

Ndiye injini musagulitse. Ikhale pomwepo, yogwira madzulo, tsiku la msika ndi masiku a nkhungu, lamba wake mungomusamutsa. Musanapite kwa wogulitsa aliyense, tengani kope, muzilemba tsiku ndi tsiku malita amene mwathira, ndowa zimene mwagaya ndi ola limene anthu afika, nthawi yokolola komanso nthawi ya njala. Wogulitsa amene adzakuuzani mtengo asanaone kopelo ndi nambala za pa injini yanu, mutsanzikeni. Ndipo ganizirani za maola amene chigayo chili chete dzuwa likuswa mtengo. Magetsi amenewo angapope madzi othirira mbatatesi ndi kabichi, angayendetse firiji, makina owotcherera zitsulo kapena kutchaja mafoni. Nthawi zambiri phindu la sola limatuluka pa ntchito zachiwirizi.

Koma funso loyamba, musanaganize za panelo n'komwe, ndi lakuti mawaya a EDM, kampani ya boma ya magetsi, ali patali bwanji. Ngati mzere wokhala ndi mafezi atatu ukudutsa pafupi, funsani mtengo wokokera ndi wa thiransifoma, muyerekeze. Nthawi zambiri mota ya magetsi a EDM imaposa dizilo ndi sola yemwe. Ndipo magetsi amenewo, mbali yaikulu, ndi a madzi kale.

Apa m'pamene nkhani ya ku Tete imadabwitsa. Chigawo chimene dziko lapansi limachidziwa ndi malasha ndi chomwechonso chili ndi limodzi mwa madamu aakulu kwambiri a magetsi mu Africa. Cahora Bassa, ku Songo, anayamba kumangidwa mu 1969, khoma lake la mamita 171 linatha mu 1974, ndipo makina ake asanu amatha kupereka mamegawati 2,075. Atsamunda sanalimangire anthu a ku Marávia kapena Chifunde. Analimanga kuti agulitse magetsi ku South Africa, kudzera m'mawaya a makilomita pafupifupi 1,400 okathera ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni nsanamira zambiri zinagwetsedwa, damu n'kukhala zaka zambiri likungotulutsa kagawo kochepa, mpaka mawaya anakonzedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mozambique inatenga ulamuliro wa kampani ya HCB, yoyendetsa damuli, kuchokera kwa Portugal mu 2007. Mpaka lero gawo lalikulu la magetsiwo limatuluka kunja, ndipo pali mzere wina wa makilomita 218 wolumikiza Matambo ndi Phombeya ku Balaka, woti Malawi azigulanso. Choncho mudzi wa ku Macanga ukakhala mumdima, chosowa si magetsi oyera. Chosowa ndi nsanamira, thiransifoma ndi ndalama zokokera mawaya kwa anthu okhala motalikirana amene aziyatsa mababu awiri okha. Boma linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhala ndi magetsi, ndipo mu 2021 linakhazikitsa malamulo olola makampani kumanga timagetsi ta m'midzi tosalumikizana ndi EDM. Timagetsi totere timakhala ndi moyo ngati pali kasitomala wamkulu wa masana, ndipo kasitomala amene amamusakasaka ndi chigayo. Akabwera kwanu, dziwani kuti akukufunani kuposa mmene inu mukuwafunira, ndipo mukambirane mtengo mosaopa.

Madzi nawo ali ndi chofooka chawo. Chilala cha 2023 mpaka 2024 chinatsitsa nyanja ya Kariba mpaka anthu a ku Zambia ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, ndipo Cahora Bassa, yemwe amamwa madzi otsika ku Kariba ndi ku Kafue, naye anaphwera kwambiri. Madzi akachuluka ndi vutonso. Namondwe Ana, mu Januwale 2022, yemwe anagumula mlatho wa pa Revúbuè, anawononganso malo a magetsi a Kapichira ku Malawi, dzikolo n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kafukufuku amene ine ndimamuona wofunika kwambiri kwa ife ndi wophatikiza dzuwa ndi damu. Damu lili ngati nkhokwe: masana, pamene mapanelo akupereka, mumatseka pang'ono osatapamo, madzulo dzuwa likalowa mumatsegula. Mwanjira imeneyi madzi a chaka cha chilala amakhalitsa, ndipo batire yaikulu kuposa zonse imakhala yomwe tili nayo kale ku Songo.

Za Mphanda Nkuwa, damu la mamegawati 1,500 lomwe akufuna kumanga makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, mu 2023 boma linasankha gulu la makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Magetsi ake adzakhala opanda utsi, koma kuyera kwa magetsi sikutanthauza kuti palibe wolira. Pali mabanja odzasamutsidwa, asodzi, ndi alimi a m'madimba a m'mphepete mwa mtsinje. Anthu a ku Tete anaona kale mmene kusamutsa kumapwetekera pamene mabanja opitirira 1,300 anachotsedwa pamalo a mgodi, ambiri n'kupititsidwa ku Cateme, mpaka mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda. Mafunso amene anafunsidwa pa malasha afunsidwenso pa damu.

Mphepo sindichedwapo. Mphamvu yake imakula mofulumira kwambiri ndi liwiro, mphepo ikawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kasanu ndi katatu, ndiye malo amafunika kuyezedwa chaka chathunthu kapena kuposa munthu asanaikepo ndalama. Pulani yaikulu yodziwika ili ku Namaacha, kummwera. Timitsinje ta kumapiri ndi tabwinoko kwa inu: madzi okwana malita 50 pa sekondi, akugwa mamita 20, amapereka makilowati 5 kapena 6 usana ndi usiku. Koma muyeze mu Okutobala, osati mu Malichi. Ndipo wina akabwera ndi mbewu yoti idzalowa m'malo mwa dizilo, kumbukirani msatsimanga. Cha m'ma 2007 unalalikidwa m'dziko muno kuti umamera paliponse popanda madzi kapena feteleza. Kumera unkamera, koma panthaka yowuma sunkabereka zokwanira, ndipo minda yambiri ya makampani inasiyidwa. Anabzala asanafufuze.

Tibwere kwa mwana wanu. Malasha ali mitundu iwiri pa malonda. Ena ndi owotcha kuti apange magetsi, ndipo amenewo dzuwa ndi mphepo zikuwalanda msika m'mayiko ambiri. Ena ndi opangira chitsulo, ndipo chuma chenicheni cha Moatize ndi amenewa, ngakhale mgodi umatulutsa mitundu yonse iwiri. M'ng'anjo ya chitsulo malasha samangopereka moto. Amachotsa mpweya wa okisijeni mu mwala wa chitsulo, komanso amachirikiza katundu yense wa m'ng'anjomo kuti mpweya wotentha uzidutsa. Panelo singagwire ntchito imeneyo. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a chitsulo cha padziko lonse amapangidwabe motere, ndipo tani imodzi imadya malasha osachepera makilogalamu 700. Njira yatsopano ilipo: ku Sweden, ntchito ya HYBRIT inagwiritsa mpweya wa hydrogen wopangidwa ndi magetsi oyera m'malo mwa malasha, ndipo mu 2021 inapereka chitsulo chake choyamba kwa kampani ya Volvo. Zinatheka, koma ndi zodula, zimafuna magetsi ochuluka koopsa, ndipo India, yemwe amagula malasha ambiri a ku Tete, akumangabe ng'anjo za mtundu wakale zomwe zimakhala zaka makumi angapo.

Choopseza ntchito ya mwana wanu posachedwapa si dzuwa. Ndi mtengo wa malasha pamsika wa dziko lonse, mtunda wa njanji wa makilomita oposa 900 wodzera ku Malawi kukafika ku Nacala, ndi maganizo a eni mgodi. Taonani mbiri yake. Kampani ya Rio Tinto inagula migodi ya kampani ya Riversdale, kuphatikizapo Benga, pa madola pafupifupi 3.7 biliyoni mu 2011, n'kuigulitsa pa madola 50 miliyoni mu 2014. Kampani ya Vale, yomwe inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, inagulitsa mgodi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan pa madola 270 miliyoni, malonda n'kutha mu 2022. Pa zifukwa za Vale panali kuluza ndalama komanso kufuna kuchoka m'malasha chifukwa cha nkhani ya kusintha kwa nyengo, ndipo mabanki ambiri a ku Ulaya safunanso kukongoza migodi yatsopano. Kusinthaku kumafika ku Moatize kudzera m'ndalama kusanafike kudzera m'makina.

Chimene ndingamuuze mwana wanu ndi chakuti ayang'ane ntchito imene manja ake akugwira, osati mwala umene akukumba. Wa zamagetsi, wowotcherera zitsulo, makaniki wa makina aakulu, woyendetsa zofukulira, wokonza mapampu, onsewa amafunika pomanga damu, pokoka mawaya ndi poika mapanelo. Chimene chimagwetsa ambiri ndi pepala: munthu wagwira ntchito zaka khumi, luso ali nalo, koma alibe satifiketi yoti aonetse kwina. Akadali pa malipiro, apeze satifiketi ya ntchito yakeyo. Malo ophunzitsa ntchito zamanja a IFPELAC alipo m'chigawo chino, ndipo kwa amene anamaliza sekondale kuli masukulu a ukachenjede a Politécnico ku Tete ndi ku Songo. Ngati ali wa zamagetsi, aphunzire kulumikiza VFD ndi mota ya mafezi atatu, chifukwa mapanelo amafika mosavuta ku Ulongué koma wodziwa kukonza kabokosi kaja kakazima ndi wosowa, ndipo chigayo chanu chidzamufuna munthu woteroyo.